Wogogoda Makomo Onse

"Ndiye inuyo ndinu ndani wake?"

"Bambo ake."

"Omubereka?"

"Omupeza."

"Basi mundikhululukire, bambo. Amene angandilole kugwira mutu wa mwanayu ndi mayi ake, ndipo mayi akewo akana kawiri."

Dokotala anali mayi wochepa thupi, wa maso ofiira chifukwa chosowa tulo, ndipo ankayankhula uku akusamba m'manja pa sinki ya pakhonde la wodi ya ana. Woyankhayo anali Wapenti, mwamuna wamtali wa zikhadabo zobiriwira, amene ntchito yake inali kupenta nyumba, mageti, zikwangwani za masitolo, ndi chilichonse chimene chingaime osathawa mpaka penti aume.

"Ndibwerezenso, kuti mukawafotokozere m'mawu a kunyumba," anatero dokotala. "Mafinya a m'khutu aja analowa mkati. Asonkhana pamalo amodzi pansi pa chigaza, ndipo akukankha ubongo. Tikaboola lero n'kuwatulutsa, mwayi ulipo. Si waukulu, koma ulipo. Tikadikira, tulo akugonato sadzukanso."

"Simungangomutenga? Ine ndiwagwira mayi akewo, inu muthamange naye."

"Ndapempha akuluakulu a chipatala kuti andilole popanda mayi. Akuti akumana mawa." Anakutumula manja chifukwa chopukutira panalibe. "Mwanayu mawa alibe."

Mawu oti mwana womupeza amamveka ngati munthu anatola chipewa pamsewu. Koma Wapenti anamupezadi. Anapita kukalemba chikwangwani cha telala wina wamkazi, ndipo pansi pa tebulo la mashini panatuluka kamutu ka zaka zitatu n'kumufunsa chifukwa chake penti amakhala wonyowa m'chitini koma wouma pakhoma. Anabweranso mawa lake ndi yankho, n'kupeza funso lina likumudikira, ndipo pobwerabwera choncho anakwatira mayi ake. Mwanayo dzina loti Kafunso linamukakamira, ndipo tsopano anali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo ake omubereka anapita kukagula batire la wailesi mwana asanayambe kukwawa, ndipo mpaka lero akusankhabe. Komatu munthu wa batireyo akanati atulukire pakhomo la wodi, chipatala chikanamumvera. Wapenti, amene anamugoneka pachifuwa mwanayu nthawi ya chikuku, chipatala chinkamuona ngati mlendo wobwera ndi nthochi.

Bedi la Kafunso linali lakumapeto, pafupi ndi zenera. Mwana anagona chagada, milomo itauma, diripi ili kudzanja. Pa pilo anali atabayapo ndi pini chithunzi cha Sisitere Wamfupi. Telala, mkazi wa Wapenti, anagwada pasimenti, kolona ili m'manja. Mpando umodzi wokhawo anakhalapo apongozi ake a Wapenti, mayi ake a Telala, ndipo kumapazi kwa bedi kunaima amayi awiri a gulu la Sisitere, milomo ikuyenda popanda mawu.

Sisitere Wamfupi anamwalira Wapenti asanabadwe. Moyo wake wonse anauthera pochapa zovala ndi kusesa m'nyumba ya masisitere, ndipo maganizo ake ankawalemba kuseri kwa mapepala okulungira sopo. Atamwalira, anthu anasonkhanitsa timawuto n'kupanga kabuku kolowa m'thumba la malaya. Muli mawu monga akuti, "Ndinapempha chizindikiro, anandipatsa tsache." Mpingo unali utavomereza kale kuti mayiyu anakhala moyo wokoma. Kuti atchedwe Wodala, limene ndi khwerero lomaliza munthu asanatchedwe Woyera, pankasowa chinthu chimodzi, chozizwitsa chotsimikizika.

Wansembe amene anapatsidwa ntchito yosonkhanitsa maumboni, amene anthu ankangowati Bambo a Mafayilo, analakwitsa mmene anthu ophunzira amalakwitsira: anafotokoza bwinobwino. Lamulungu lina Misa itatha, anauza anthu mmene akuluakulu a Mpingo amayezera chozizwitsa. Choyamba, matenda akhale oti madokotala agwa nawo mphwayi. Chachiwiri, kuchirako kusakhale koti mankhwala kapena mpeni ungadzitamire nako. Chachitatu, odwazika akhale kuti anapempha kudzera mwa Sisitere yekha, popeza mukaitana oyera ambiri, akuluakuluwo sangadziwe amene wagwira ntchito. Iwo ankanena za sikelo yoyezera zimene zachitika kale. Amayi a gulu anamva ngati malangizo a kaphikidwe.

"Amake mwana, tiyeni panja pang'ono," anatero Wapenti kwa mkazi wake.

"Nenani pompano. Sisitere akumva, inenso ndikumva."

"Dokotala akuti lero."

"Anandiuza."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinalonjeza." Telala sanatukule mutu. Zala zake zinali zikuyenda pa mikanda ya kolona mmene zimayendera pa mpendero wa diresi. "Dzulo, dokotala atanena kuti zafika povuta, ndinamuuza Sisitere kuti inu mukusowa chozizwitsa, ine ndikusowa mwana. Ndichiritsireni, ine sindilola mpeni, sindiitana woyera wina, ulemu wonse ukhale wanu. Ndisanatseke pakamwa, mwanayu anatsegula maso n'kundiyang'ana."

"Anatsegula maso chifukwa namwino anamubaya jakisoni. Ndinalipo."

"Inu munaona jakisoni. Ine ndinaona maso."

"Akamwini," anatero apongozi, akutulutsa kabuku m'chikwama. Sanakatsegule, chifukwa ankakadziwa pamtima. Ankangokagwira mmene wapolisi amagwirira ndodo. "Analemba yekha Sisitere kuti pempha pakhomo limodzi, wogogoda makomo onse amagona panja. Analembanso kuti musaope."

"Analemba musaope, amayi. Sanalembe musaopareti."

Mmodzi mwa amayi a gulu aja kuseka kunamupulumuka, ndipo anakusandutsa chifuwa. Apongozi anamuyang'ana mpaka chifuwacho chinachira.

"Nthabwala zanu zomwezo n'zimene zinakuchotsani m'tchalitchi," anatero. "Munthu wolowa m'nyumba ya Mulungu pokhapokha atanyamula makwerero."

Wapenti ananjuta pafupi ndi mkazi wake. Ankamva fungo la mafuta a mashini m'tsitsi lake, fungo la kunyumba.

"Amake mwana, chonde. Sisitere ngati ndi woyera amvetsa. Mumuuza kuti ndi ine ndinakukakamizani. Mlandu wonse andipatse ine, msana ndili nawo."

Apo Telala anamuyang'ana. Maso ake anali ouma, ndipo n'zimene zinamuopsa Wapenti.

"Dokotala wanuyo wanena kuti achira?"

"Wanena kuti mwayi ulipo."

"Si waukulu. Nanenso ndinamva. Ndiye ndiphwanye lonjezo, amutenge, akafere pa tebulo lawolo. Wamupha akhala ndani? Inu mudzalira mwezi umodzi, kenako mudzapita kukapenta geti la munthu. Ine ndidzapita kuti?"

Wapenti anameza mawuwo ngati singano. Anafuna kunena kuti mwezi umodzi ndi bodza, koma nthawi yodziteteza panalibe.

"Nanga Bambo a Mafayilo atabwera n'kukumasulani?"

Telala anangobwerera ku kolona. Wapenti anatenga chetecho ngati chitseko chosakhoma, n'kutuluka liwiro.

Ofesi ya Bambo a Mafayilo inali kuseri kwa tchalitchi chachikulu. Geti la m'mbali linali lokhoma, choncho Wapenti anadutsa m'tchalitchi momwe. Munalibe munthu, kupatula oyera a pakhoma, amene anandandalikana mbali zonse ziwiri kuyambira pakhomo mpaka kuguwa. Amenewa ankadziwana naye. Chaka china denga litadontha, ndi iye anapatsidwa ntchito yowabwezera nkhope, ndipo anakhala nawo miyezi ingapo ali pamwamba pa makwerero, mphuno ndi mphuno. Mayina awo sankawadziwa, chifukwa analembedwa m'chilankhulo chakale ndipo iye ankangotsata zilembo ndi bulashi. Ankawadziwa ndi zimene ananyamula, ndi kuchuluka kwa penti amene aliyense anadya. Tsikuli sanawapatse moni.

Bambo a Mafayilo anali munthu wonenepa, wa matenda a shuga, magalasi awo omangidwa ndi ulusi kukhutu kumodzi. Wapenti anawapeza pakati pa makatoni a mapepala a Sisitere, akumwa tiyi wopanda shuga ndi nkhope ya munthu wolapa. Wapenti anafotokoza ataimirira. Atafika pa lonjezo, wansembeyo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Akuti anazimva kwa ine?"

"Malamulo atatu, Bambo. Amawanena ngati nyimbo."

"Mayo ine. Ndinawaonetsa tepi yoyezera, iwo aipota chingwe." Anayamba kufufuza makiyi pansi pa mapepala. "Galimoto yanga imalira mochita kukankha. Muli ndi mphamvu?"

Wapenti anakankha galimotoyo kuchokera pa mtengo wa pabwalo mpaka kumsewu, ndipo itatsokomola n'kulira analumphiramo ikuyenda. Sanapite patali. Pa mphambano ya kumsika lole ya simenti inali itafa chopingasa, ndipo magalimoto anaima mzere ngati nyerere zotsekeredwa ndi chala. Dzuwa linali litapendeka. Wapenti ankamenya bondo ndi chibakera, kuyang'ana kutsogolo, kuyang'ana kumbuyo, kuyeza m'mutu ngati angathe kuwabereka Bambo a Mafayilo kumsana mpaka kuchipatala. Anapeza kuti sangathe.

"Mukudziwa kuti Sisitere anachitidwapo opaleshoni kawiri?" anatero wansembe. "M'mimba ndi m'diso. Mano akenso anali oikirira. Ali m'katoni muja, ndinachita kuwalemba nambala."

"Mukawauze zimenezo."

"Ndikawauza. Koma anthu amakonda kabuku kaja, ndipo m'kabukumo anangoikamo zotsekemera. Zimene analemba atakalamba anazisiya. Pali pepala lina analemba kuti, ndagogoda mpaka zala zatupa, kapena m'nyumbamu anasamuka. Lina anangolemba kuti lero kulinso zii. Mapepala a zii amenewo ndi katoni yathunthu. Zaka zambiri sankamva chilichonse popemphera, koma ankadzukabe n'kukachapa."

"Bwanji sanaziike?"

"Anthu safuna woyera wotupa zala."

Kutsogolo anthu anali atayamba kukankha lole ija, aliyense akulamula mnzake. Wapenti anafunsa funso limene linkamudya chichokereni kuchipatala.

"Inuyo, Bambo, mumakhulupirira kuti angamuchiritse?"

"Ndimakhulupirira kuti angamupempherere, ndipo Mulungu angathe. Chimene sindikhulupirira n'chakuti mayi amene uja, wochapa zovala za anzake moyo wonse, wafika kumwamba n'kutsegula sitolo."

"Nanga akachira popanda mpeni, si inu mupindule? Ntchito yanu ithe, mupite nawo kulikulu la Mpingo mukajambulitse."

Bambo a Mafayilo anavula magalasi n'kuwapukuta pa mkanjo, nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna.

"Mukuganiza kuti sizinandidutse m'mutu mmene mumafotokoza muja?" anatero. "Zinadutsa. N'chifukwa chake ndikuyendetsa chonchi."

Ndipo anakweza matayala awiri pamwamba pa ngalande n'kudutsa pakati pa lole ndi benchi ya wogulitsa nsapato, amene anawatukwana mpaka anaona kolala yoyera, n'kupitiriza kutukwana motsitsa mawu.

Atalowa m'wodi, namwino anakweza mutu. "Bambo a mwana uja?" Onse awiri anatembenuka. Namwinoyo anayang'ana uyu, kuyang'ana uyo, n'kusankha wa zikhadabo zobiriwira. "Kapumidwe kasintha. Dokotala wabwera kawiri kudzafunsa."

Kanali katasinthadi. Kafunso ankapuma mokoka, ngati munthu wamkulu wochita nkonono, kenako n'kusiya, kenako n'kuyambanso pamene aliyense wasiya naye kupuma. Dzanja lopanda diripi linali litapindikira mkati. Amayi a gulu anali atawonjezekera, ndipo tsopano ankapemphera momveka.

Bambo a Mafayilo anagwira chitsulo cha bedi n'kugwada movutikira pafupi ndi Telala. Mawondo awo analira ngati chitseko chakale.

"Mwana wanga, ndamva za lonjezo lako. Unalonjeza chifukwa cha chikondi, ndipo Mulungu waona. Koma lonjezo loika moyo wa mwana pachiswe silimanga munthu. Mpingo suphunzitsa zimenezo, ine sindinaphunzitse zimenezo. Ngati mtima wako ukufuna kumva mawu, ndi awa: m'dzina la Mpingo, ndakumasula."

"Zikomo, Bambo," anatero Telala mwaulemu wonse. "Koma sindinalonjeze kwa inu. Ndinapangana ndi Sisitere. Andimasule yekha."

"Sisitere anamwalira, mwana wanga."

"Zaka zonsezi mwakhala mukutiuza kuti ali moyo kumwamba ndipo amamva. Wamwalira lero?"

Wansembe anayesa njira ina, ya maopaleshoni awiri aja, ya mano a m'katoni. Telala anamvetsera mpaka kumapeto.

"Iye sanalonjeze," anatero. "Ine ndinalonjeza."

"Mwamva, akamwini?" anatero apongozi. Koma kabuku kaja anali atakafinya mpaka kupindika. Nawonso ankamva kapumidweko.

Wapenti anaima kumapazi kwa bedi, manja ali lende. Anali atabweretsa munthu wamkulu kuposa onse amene akanatha kuwapeza, ndipo munthuyo anali atagwada pansi, wopanda mawu. Kunja kwa zenera mthunzi wa thanki ya madzi unali utafika pakhoma la wodi. Anayang'ana nkhope ya mwana, ndipo anakumbukira mmene Kafunso ankamusekera akalephera ndagi zake: adadi, inu mumakankha pamene palembedwa kuti kokani. Tsiku lonse anakhala akukankha lonjezo. Pangano la mkazi wake linali ngati mpando wa miyendo itatu. Mwendo woyamba unali wa madokotala. Wachiwiri, wa mpeni, anaugwira Telala ndi manja awiri. Nanga wachitatu anaugwira ndani?

"Bambo," anatero. "Lamulo lachitatu lija, loti osaitana oyera ena. Limagwira mayi yekha?"

Bambo a Mafayilo anatembenuza khosi. "Onse a pabanja amene akupempherera wodwalayo. Timawafunsa mmodzimmodzi, atalumbira."

"Ngakhale bambo womupeza?"

Wansembeyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo pang'onopang'ono nkhope yake inasintha.

"Mafayilo anga safunsa kuti munamupeza kapena munamubereka," anatero. "Amafunsa amene anagwada."

Wapenti anali asanagwade chikwatirire. Anagwada pakati pa wodi, pa kanjira ka pakati pa mabedi, buluku lake la madontho a penti likukhudza simenti yozizira. Pemphero loitana oyera onse ankalidziwa kamvekedwe kake kokha, mmene munthu amadziwira nyimbo ya kwa aneba. Mayina analibe. Anatseka maso n'kuona khoma la tchalitchi, kuyambira pakhomo.

"Inu a makiyi awiri," anafuula, "amene ndinakukonzani ndevu, mumupempherere mwana wanga!"

Mwana wina amene ankalira anasiya.

"Akamwini, mwapenga?"

"Inu olasidwa mivi thupi lonse, amene munandithera penti wofiira, mumupempherere! Inu amayi a gudumu lothyoka, mumupempherere!"

Telala anamvetsa msanga kuposa onse. "Ayi," anatero. "Ayi, ayi, bambo, siyani!" Anadzuka, miyendo yadzanzi ikumukana, n'kumugwera mwamuna wake paphewa. Anamutseka pakamwa ndi chikhatho. Wapenti anapotoza mutu n'kupitiriza m'mbali mwa zala.

"Inu owotchedwa pa chitsulo ngati nyama! Inu amene mbalame zimakuterani paphewa! Inu amayi onyamula maso anu m'mbale, tamuyang'anani, ali pa bedi lakumapetoli!"

"Mutipempherere," anayankha mawu ena otsika. Anali a Bambo a Mafayilo, amene anali akadagwada, atagwira chitsulo cha bedi, maso ali pansi.

"Bambo!" anakuwa apongozi. "Inunso?"

"Munthu akuitana oyera, amayi. Ine ndine wansembe. Ndiyankhe kuti chiyani?"

"Inu onyamula mutu wanu m'manja," anapitiriza Wapenti, "inuyo za mutu mukuzidziwa, musanamizire!"

"Mutipempherere."

Tsopano sanali wansembe yekha. Mayi wa pa bedi loyandikana, amene mwana wake anapsa ndi madzi otentha, anayankha nawo. Wina wa kukhomo, amene sanali ngakhale wa mpingo umenewu, anayankhanso, maso ali pa mwana wake. Telala ankamenya mwamuna wake ndi zibakera kumsana, m'khosi, m'khutu. Kolona inaduka, mikanda n'kumwazikira pansi pa mabedi. Wapenti sanatchinge. Ankayenda ndi khoma lija m'mutu, woyera ndi woyera, wa lupanga, wa nsanja, wa galu, wa mwana paphewa powoloka mtsinje, ndipo sakanatha kunena pamene chinyengo chake chinathera. Anayamba kuti awononge pangano. Pofika pakati pa khoma anali akupempha zenizeni, mamina ndi misozi zikulowa m'kamwa, ngati munthu wothamanga mumsewu nyumba ikupsa, kumenya chitseko chilichonse osayang'ana kuti n'cha ndani.

Anafika kwa womaliza, wa pafupi ndi guwa, nkhalamba yonyamula chida chopalira matabwa, imene anaipenta tsiku lomwe Kafunso anamubweretsera chakudya n'kufunsa chifukwa chake bambo ameneyu pazithunzi zonse amaima kumbuyo.

"Inu akalipentala," anatero, mawu atasasa. "Inu amene munalera mwana woti simunabereke. Mnzanga. Inu mukudziwa. Musandichititse manyazi."

"Mutipempherere," inayankha wodi.

Oyera a pakhoma anathera pamenepo. Telala anali atasiya kumenya. Anakhala pansi chotambalala, nduwira itagwa, akupuma ngati wathamanga mtunda. Anatembenukira kwa wansembe.

"Bambo, zikuwerengedwabe?"

Bambo a Mafayilo sananame, ndipo sanafune kunama.

"Ayi, mwana wanga. Ngakhale atadzuka pompano n'kupempha madzi, sindingalembe kuti ndi Sisitere. Aitanidwa ambiri, ndipo mboni ndi wodi yonseyi."

"Ndiye ndilibenso chomupatsa."

"Sanakupemphe kanthu."

Telala sanamve zimenezo, kapena sanafune kuzimva. Anayang'ana chithunzi cha pa pilo nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira basi imene yamusiya. Kenako anayang'ana mwamuna wake, ndipo Wapenti anaona kuti chinthu china chathyoka pakati pawo chimene penti sangabise.

"Chinthu chimodzi chokha ndinali nacho m'manja," anatero Telala motsitsa. "Mwandilanda pamaso pa anthu." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya nduwira. "Anamwino, kaitaneni dokotala."

Namwino anali atathamanga kale. Anabwera ndi pepala lovomereza, ndipo Telala anasaina ataliika pa bondo. Dzanja limene limadula nsalu mowongoka popanda choko linalemba dzina lokhota ngati la mwana wa sukulu. Apongozi anayamba kutola mikanda ya kolona pansi pa bedi, umodziumodzi, akulira mopanda mawu. Amayi a gulu anapatuka n'kuima kukhoma.

Dokotala analowa mofulumira, atavala kale chipewa cha ku chipinda cha opaleshoni. Sanayang'ane pepala. Anapita kumutu kwa bedi, anachotsa chithunzi pa pilo n'kupatsira amene anali pafupi, amene anali Bambo a Mafayilo. Anaitana mwana, anamutsina pa chala, anamutsinanso mwamphamvu. Anatulutsa katochi m'thumba, anatukula chikope chakumanzere n'kuunika. Anatukula chakumanja n'kuunika. Anabwereranso kumanzere, ndipo kumeneko anakhalitsa. Wapenti, amene anali akadagwada, ankayang'ana nkhope ya dokotalayo mmene amayang'anira kumwamba akapenta khoma lakunja. Sanaonepo kanthu.

"Kabedi ka matayala," anatero dokotala kwa namwino. "Auzeni akonzeke, tikubwera. Thamangani, musayende."

Anamwino awiri ananyamula Kafunso pamodzi ndi nsalu yake, wachitatu atakweza diripi m'mwamba. Dzanja lopindika lija linalendewera m'mbali, ndipo Telala analibwezera pachifuwa n'kuligwira mpaka kabedi kanayamba kuyenda. Dokotala anabweza katochi m'thumba. Asanatsatire, anawayang'ana onse: mayi wopanda nduwira, bambo wogwada, agogo a mikanda m'manja, wansembe wonyamula chithunzi. Sanakalipe. Anafunsa ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Kuyambira m'mawa muja, munkadikira ndani?"